Alendo a ku Joni ndi Bokosi Lopanda Madandaulo

Lachinayi, 8 Juni 2023

Kuzizira kwabwera ndi ukali chaka chino. Ndapita ku koleji nditavala majekete awiri ngati wogulitsa kaunjika.

A Pulinsipolo, a Bizwell, atiitana tonse mu ofesi. Alendo a ku Joni afika Lolemba. Timawayembekezera mu Ogasiti, koma asintha. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Ndilembe bwinobwino, mwina mwana wanga Hannah adzatsegula bukuli ine nditapita n'kumadabwa kuti alendo ake ati. Dipuloma ya ulimi ndi malonda imene timaphunzitsa pano pa Boma la Ntcheu si yathu. Eni ake ndi yunivesite ina ya ku Joni. Iwo ndiwo amakonza silabasi, amatumiza mayeso, amatenga ena mwa mapepala amene tachonga n'kuwachonganso kuti aone ngati sitikukondera, ndipo pa satifiketi pamakhala dzina lawo. Ife tili ngati munthu wobwereka munda. Pakapita zaka zingapo mwini munda amabwera kudzaona mizere.

Ulendo uno akuti sadzaona koleji yokha. Mphunzitsi aliyense adzamuvomerezanso payekha, dzina ndi dzina. Amene sanamuvomereze, choko pansi. A Bizwell ponena zimenezi amayang'ana pawindo. Ine ndaseka. Silvester Nkhoma, munthu amene ndinatsegula katoni yoyamba ya mabuku a kosi imeneyi ndi mpeni wanga, ndiope chiyani?

Koma tiyi sindinamalize.

Lachisanu, 9 Juni

Koleji yonse fungo la penti. Miyala ya m'mbali mwa njira aipaka laimu, ngakhale uja amakhalapo alonda, moti achoka ndi thalauza loyera kumbuyo. Chrispine, amene ndinamuphunzitsa ine ndemwe ndipo lero ndi mphunzitsi mnzanga wa madigiri awiri, watha tsiku lonse akulowetsa mapepala mu kompyuta.

Alendo analemba kuti akufuna kuona mmene ophunzira amaperekera madandaulo awo. Tinakumbukira kuti tili ndi bokosi, lija linakhomedwa pakhomo la laibulale. Kiyi anasowa kalekale, ndiye tathyola loko. M'katimo chisa chouma cha mavu ndi chivindikiro cha bolopeni. Basi. Ndauza Chrispine kuti alijambule, umboni ndi umenewu: zaka zonsezi palibe mwana anadandaulapo. Iye wangoti, "Ee, aphunzitsi," akukanda m'mutu.

Chipwirikiti chonsechi chandikumbutsa Chindevu, pulofesa amene ankabwera zaka zoyambirira. Dzinalo tinamupatsa ndife, ndipo ankalivomera. Iye sankatumiza mafunso patsogolo. Akatsika ndege ku Lilongwe ankaima pa Lizulu, kugula kachewere ndi kabichi wodzaza buti, n'kukatula zonse kunyumba kwanga m'manja mwa mkazi wanga, Anangozo. Ku koleji ankafika nsapato zili fumbi, n'kukhala kumbuyo kwa kalasi manja ali m'thumba. Nthawi zina ankasinza, ndikunena zoona. Tikaweruka tinkakhala pakhonde kukambirana za mbewu mpaka tiyi kuzizira. Tsiku lina ndinamuuza kuti bambo anga anakumba golide kwawoko nthawi ya Wenela. Iye anati, "Mwina agogo anga ndiwo anali kapitawo wawo." Tinaseka, kuseka kwake kowawa pang'ono. Anapuma ntchito, ndipo makhadi ake a Khirisimasi anasiya kubwera.

Bambo anabwerako ku Joni ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Chifuwacho n'chimene chinawatenga kosiyi isanayambe. Ndimalakalaka akanaona kuti a ku Joni omwewo anavomereza mwana wawo kukhala mphunzitsi wawo. Akanayenda nayo nkhaniyo mudzi wonse.

Loweruka, 10 Juni

Ndasita malaya oyera. Ndawotcha kolala.

Zaka ziwiri tsopano chimwalirire Anangozo, koma simbi ikundikanabe. Alendo akamabwera iwo ankasita malaya atatu n'kuwapachika pachitseko, amvekere, "Sankhani nokha, a Nkhoma. Koma abuluuwo." Ndawasowa kwambiri lero, Aida wanga. Ndivala abuluu.

Lamulungu, 11 Juni

Abusa atsopanowa amalalikira ngati akunong'oneza mwana wodwala. Ine ndangomva "Ameni". Anthu a masiku ano onse ndi choncho, kulankhulira m'mimba. Hannah naye waimba kuchokera ku Lilongwe, ndamuuzanso kuti agule foni ina, imene ali nayoyo ndi yakufa. Kale munthu akaima kutsogolo kwa tchalitchi ankamveka mpaka kumsewu.

Lolemba, 12 Juni

Afika. Awiri. Wamkulu wawo ndi mayi wa msinkhu wa Hannah, dokotala wa zamaphunziro, magalasi aakulu ngati a njinga yamoto. Ndizimutchula Mayi wa Magalasi. Winayo ndi bambo wosalankhula, ntchito yake kugogoda laputopu. Ndafunsa dalaivala wawo ngati anaima pa Lizulu. Akuti ayi, mayiwo amawerenga mapepala njira yonse.

Si munthu woipa. Watipatsa moni wa "Muli bwanji" amene waphunzira m'ndege. Koma kuona kwake! Laibulale, kabati imene timatsekeramo mayeso, amene amasunga kiyi wake, intaneti, jenereta, mpaka zimbudzi. Watenga mulu wa mapepala amene ndinachonga chaka chatha n'kuwayala pambali pa amene anachonga anzathu a ku Zambia, poti kosi yomweyi imaphunzitsidwanso kumeneko. Akuti dipuloma ya mwana wa ku Ntcheu iyenera kulemera chimodzimodzi ndi ya mwana wa pa Joni penipeni. Mawu amenewo ndawakonda.

Chingerezi chake n'cha m'mphuno, moti kangapo a Bizwell amachita kundibwerezera.

Tafika pa bokosi lija. Ine ndaima chilili ngati mwini ng'ombe yonenepa, ndikufotokoza kuti chikhomereni silinalandirepo kalata. Mayi uja waliyang'ana nthawi yaitali.

"Bokosi lopanda kanthu limandiopsa kuposa lodzaza," watero.

Ndamuuza kuti ana akuno analeredwa bwino.

"Ndikukhulupirira. Nanga chikawapweteka amapita kwa yani?"

Ndati palibe chimawapweteka. Bambo wa laputopu wagogoda. Chindevu sakanafunsa funso lotere, iye ankaona ndi maso kuti anthu akusangalala.

Lachiwiri, 13 Juni

Lero anakhala m'kalasi mwanga. Ndaphunzitsa ngati ndili ndi zaka makumi atatu! Mutu wake unali kusunga zokolola kuti udzagulitse mitengo ikakwera. Buku lawo limapereka zitsanzo za mphesa ndi tirigu, ine ndawatengera pa Lizulu: mlimi wokumba kachewere yense tsiku limodzi, n'kumathamangira basi iliyonse ndi beseni, dzuwa likamalowa n'kumugwetsa mtengo yekha. Ndayerekeza kathamangidwe kake, ana aseka, ngakhale Mayi wa Magalasi wamwetulira.

Chakumapeto Enelesi, mtsikana wa ku Kasinje amene akubwereza phunziro langali, wakweza dzanja kumbuyo kuja. Kamawu kake kaja n'kosamveka, koma pamenepa ndi pamene ana onse amafunsa za chiwawu, matenda aja owauka masamba a kachewere, ndiye ndamuyankha za chiwawu mokwanira, ndi mankhwala ake omwe. Kalasi yonse inangoti zii. Ndi mmene amakhalira akamamvetsera.

Masana alendo akumana ndi ophunzira paokha, chitseko chotseka, mphunzitsi aliyense kunja. Akuti ndi lamulo lawo. Ife tinangokhala pabenchi padzuwa ngati odikira dokotala. Atenga nthawi yaitali kwambiri. Potuluka, ana adutsa pafupi nane maso ali pansi. Enelesi anali atalira. Ndaganiza kuti mwina amufunsa za kulephera kwake, mwana wosauka.

Kunyumba ndagula nyama ya mbuzi, ndadzithokoza ndekha.

Lachitatu, 14 Juni

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Andiitana mu ofesi, Mayi wa Magalasi ndi a Bizwell. Mayi uja wasendeza mpando wake pafupi ndi ine n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono, akundiyang'ana kumaso. Wayamba ndi zabwino. Ana akuti ndimawakonda, akuti zitsanzo zanga sadzaziiwala, kachongedwe kanga n'kachilungamo. Kenako wati, "A Nkhoma, ophunzira akuti simukumva."

Ndati simukumva chiyani?

Akuti simukumva, basi. Makutu. Akuti munthu akafunsa funso ndimayankha lina. Akuti ambiri anasiya kufunsa.

Ndati ana amenewa amalankhulira m'mimba. Iye sananditsutse. Wangondikumbutsa za msonkhano wa pa intaneti wa chaka chatha, umene a ku Joni anaitana aphunzitsi a phunziroli a m'maiko onse. Ndinalipo, ndekha mu ofesi, ndinavomera ndi mutu mpaka kumapeto. Pamsonkhano umenewo ananena kuti mayeso asintha, alowetsamo gawo latsopano la mapangano a pakati pa alimi ndi ogula mbewu. Ine sindinaliphunzitse gawolo. Ana analowa m'mayeso n'kukakumana ndi zinthu zimene sanazionepo, ambiri anagwa. Ine nthawi imeneyo ndinkayenda ndikunena kuti a ku Joni atikhaulitsa dala. Pomwe ana anali atamva kale kwa anzawo a ku Zambia, pa gulu lawo la pafoni, kuti kumeneko aphunzitsi anawauza.

Ndiye funso la Enelesi dzulo silinali la chiwawu. Amafunsa ngati gawo lija ndiliphunzitse ulendo uno mayeso asanafike. Pamaso pa alendo. Ine n'kumamuuza za mankhwala opopera.

Manyazi amene ndamva sindinawamvepo chibadwire. Kenako mkwiyo. Ndafunsa a Bizwell ngati ankadziwa. Akuti ankaganizira, koma munthu wamkulu ungamuyambe bwanji? Chrispine naye ankadziwa. Koleji yonse, mpaka alonda mwina. Chaka chathunthu palibe ananditsina khutu, akudikira mlendo wochokera kutali kuti adzandivule pagulu. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma eni mudzi malumo awo anali kuti?

Chigamulo Lachisanu.

Nyama ija ndapatsa aneba.

Lachinayi, 15 Juni

Ndinalibe kalasi lero, ndipo sindikanatha kukhala mu ofesi anthu akundiyang'ana mwachisoni. Ndanamizira kuti ndikukakonza za ulendo wa ophunzira, ndakwera minibasi ya ku Lizulu.

Lizulu ndi yemwe uja. Mphepo yolowa m'mafupa, milu ya karoti ndi kabichi, amayi kuthamangira basi ndi mabeseni, anthu kuwoloka msewu kupita ku Mozambiki ngati akupita kuseri kwa nyumba. Ndapeza Raphael, wophunzira wanga wakale. Pano amagula kachewere kwa magulu a alimi n'kumatumiza ku Blantyre pa lole. Wanenepa. Wandikhazika pa thumba, iye wakhala kumanzere kwanga. Ndinaganiza mumtima kuti Raphael yekha ndiye amalankhulabe ngati munthu, mawu omveka.

Ndamufotokozera zonse, ndi mkwiyo wanga womwe. Ndati inu a nthawi yanu munalibe vuto ndi ine, bokosi lija ndi mboni.

Waseka mpaka kutsokomola.

"Aphunzitsi, bokosi limene lija akanaponyamo ndani? Kulemba dzina la munthu wamkulu papepala ngati wakuba nkhuku? Aa, ayi. Ife tinkapita kwa amayi."

Ndati amayi ake ati?

"Amayi kunyumba kwanu. Loweruka masana, inu mukapita ku msonkhano wa madikoni. Tinkatuma awiri, wamkazi ndi wamwamuna, atanyamula kakuti, kaya tomato kaya nyemba. Kufika, kukhala pakhonde. Kuyamba za mvula, za kumudzi, za matenda. Iwo n'kumasenda nyemba zawo phee, mpaka amvekere, 'Nanga kusukuluko kuli bwanji?' Ndiye ife kumasula thumba lonse. Lolemba lake tikuona zinthu zasintha. Gulu lililonse linkauza gulu lobwera pambuyo kuti njira yake ndi imeneyi."

Zinthu zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Tikudya, Anangozo amvekere, "A Nkhoma, kuchigayo ndinamva kuti kwinaku aphunzitsi amasunga mapepala a ana mwezi wathunthu osabweza. Zimachitikadi zimenezo?" Ine n'kumati aphunzitsi aulesi amenewo, kenako n'kukatenga mulu wanga kukachonga. Tsiku lina, "Kodi mwana akachedwa chifukwa mtsinje wadzaza, amamutsekera panja?" Tsiku lina za mtsikana amene ndinamuseka pagulu chifukwa cha Chingerezi chake, iwo anaisandutsa nkhani ya mwana wa msuweni wawo wa ku Tsangano. Kwinaku, kwinaku, nthawi zonse kwinaku. Ine ndinkadabwa kuti chigayo chimenechi chili ndi nkhani zambiri bwanji. Ndikasintha, ndinkayesa nzeru zanga.

Ndamufunsa Raphael za khutu. Wayang'ana pansi.

"Zimenezo anatiuza okha amayi, chaka chathu chomaliza. Anati, 'Bambo anuwa khutu lakumanja layamba kutseka. Musawauze, angasweke mtima. Amene ali ndi mawu aakulu azikhala kutsogolo chakumanzere. Wakumbuyo akafunsa, wakutsogolo abwereze ngati funsolo ndi lake.' Ine ndinali mmodzi wa obwerezawo, aphunzitsi. Munkanditama kuti ndimafunsa mafunso anzeru."

Apa m'pamene ndinazindikira chifukwa chimene wakhalira kumanzere kwanga, ndiponso kuti nthawi yonseyi amachita kukuwa. Amayi ogulitsa anyezi pafupi nafe amva nkhani yonse.

Akuti kenako kunabwera matenda aja a korona, sukulu zinatsekedwa, amayi anamwalira, ndipo magulu atsopano sanapeze wowauza njira. Enelesi ndi anzake sanawaonepo Anangozo n'kamodzi komwe.

Ndakumbukanso wailesi. Zaka zawo zomaliza ankaikweza okha, akuti makutu awo akukalamba. Ine ndinkawaseka.

M'minibasi pobwerera ndawakwiyira kwambiri. Munandisandutsa mwana, Anangozo, kundiyendetsa ngati ng'ombe ya pangolo ine ndikuyesa ndikudziyendera. Mukanandiuza, bwenzi nditapita kuchipatala, bwenzi Enelesi atamaliza. Koma ndikudzidziwa. Akanandiuza maso ndi maso ndikanakana, ndikanatupa sabata yathunthu. Ankandidziwa kuposa mmene ndimadzidziwira. Pofika pa Biriwiri mkwiyo unali utatha, kunangotsala kuwasowa. Kondakitala wandifunsa ngati ndamva uthenga wa maliro.

Raphael wandikakamiza kathumba ka kachewere. Kali pakhomo, sindinakamasule.

Lachisanu, 16 Juni

Ndalawirira, ndapempha kuonana ndi Mayi wa Magalasi chigamulo chisanaperekedwe. Ndakhala momupatsa khutu lakumanzere, osabisanso. Ndamuuza kuti Lolemba ndinamuyankha zabodza osadziwa. Madandaulo analipo ambiri, ndipo anali ndi njira yake. Ndamufotokozera za khonde, za nyemba, za chigayo. Sindikudziwa chimene ndimafuna. Mwina ndimati akamva kuti koleji ino inali ndi njira yake yabwino andimvera chisoni.

Wamvetsera mpaka kumapeto, bambo wa laputopu naye anasiya kugogoda. Kenako wati njira imeneyo inali yabwino kuposa bokosi lililonse limene analionapo m'maiko onse amene amayendera. Koma inali munthu mmodzi, ndipo anapita nayo. Wafunsa dzina lawo. Ndati Aida. Walilemba pakona ya pepala lake, sindikudziwa kuti akalitani.

Masana tonse mu holo. Koleji yavomerezedwa kupitiriza kosi, pali zinthu zingapo zoti tikonze. Ana amene anagwa chaka chatha awafufutira kulepherako ndipo alembanso gawo lija ataphunzitsidwa, chifukwa akuti yunivesite nayo inalakwa, kusintha kwa mayeso anangokunena pakamwa osakulemba. Zimenezi wanena yekha, poyera, osazemba. Ndamulemekeza pamenepo.

Kenako maina a aphunzitsi. Langa palibe.

Anali atandiuza kale kumbali kuti ndisadzidzimuke pagulu, koma kumva mwakachetechete ndi kuona anzako akuwerengedwa iwe n'kudumphidwa n'zosiyana. Phunziro langa atenga Chrispine kuyambira Lolemba. Ine akuti ndikakapimitsa makutu n'kupeza kachipangizo kothandiza kumva, adzaonanso ngati ndingamayendere ophunzira akakhala kuminda ku Kasinje. Za kalasi sananene.

A Bizwell apuma mpweya waukulu, anthu awomba m'manja chifukwa koleji yapulumuka. Nane ndawomba. Ndi koleji yanga, ndinaiona ikuyamba m'chipinda chobwereka cha tchalitchi, ana atakhala pa mabenchi a kwaya, mabuku tikusungira m'katoni ya sopo.

Chrispine wanditsatira mpaka pageti. "Aphunzitsi, ine sindinapemphe zimenezi." Ndati ndikudziwa, mwana wanga, ukaphunzitse bwino. Ndinafuna kuwonjezera malangizo, koma ndangomugwira paphewa.

Alendo anyamuka chakumadzulo. Ndauza dalaivala kuti ulendo uno aime pa Lizulu, afune asafune.

Loweruka, 17 Juni

Sindinatuluke.

Lamulungu, 18 Juni

Kutchalitchi ndakhala benchi yakutsogolo, mbali ya amayi a Mvano, kuti khutu labwinoli liloze kuguwa. Anthu amadabwa. Abusa aja amalalikira bwino ndithu, ndawalakwira miyezi yonseyi.

Ndaimbira Hannah. Ndamufunsa mosazungulira ngati ankadziwa. Wati, "Adadi, tonse timadziwa. Amayi anatiletsa." Foni yake ilibe vuto, ndi yatsopano, anagula chifukwa cha kulongolola kwanga. Akuti ndipite ku Lilongwe mwezi wamawa akandiperekeze kwa a makutu. Ndati tiona. Wati, "Osati tiona, adadi." Mawu ake pamenepo anali a mayi ake enieni.

Lolemba, 19 Juni

Ndadzuka, ndasamba, ndavala, ndatenga chikwama. Ndakumbukira ndili pageti la nyumba.

Ndapitabe mpaka pamsika kuti aneba asaone ndikubwerera. Ndadutsa tsidya lina la msewu moyang'anana ndi koleji. Pawindo la kalasi yanga mitu inali yowerama, onse akulemba. Laimu wa pa miyala wayamba kale kuda ndi fumbi la makabaza.

Lachinayi, 22 Juni

Ndabzala kachewere wina wa Raphael kuseri, ngakhale si nyengo yake ndipo madzi ndi ochita kutunga. Munthu uzikhala ndi chochita. A Bizwell atumiza uthenga kuti ndipite tikakambirane za mwambo wonditsanzika. Sindinayankhe. Sindinafe.

Loweruka, 24 Juni

Masana ndili pakhonde ndikuwothera dzuwa, ndangoona anthu awiri aima pageti. Enelesi, ndi mnzake wa m'kalasi, Mfundo. Kaya anaodira kangati. Enelesi ananyamula kajumbo ka mtedza wa kwawo.

Ndinaganiza kuti abwera kudzapepesa, ndipo sindinafune, wolakwa si iwo. Kapena abwera kudzandiona mmene ndagwera. Ndawapatsa mipando. Akhala patali, kumapeto kwa khonde, mwaulemu, manja pamaondo.

Sanapepese. Mfundo wayamba za kuzizira. Enelesi za msewu wa ku Kasinje, za amayi ake amene akudwala mwendo. Zina ndimamva, zina ndimangoona milomo. Nkhani ikatha amayang'anizana, n'kuyamba ina. Mtedza uli pakati pathu. Ndinayamba kuusenda kuti manja apeze chochita, ndipo ndili m'kati mosenda ndinazindikira chimene chikuchitika. Awiri, wamkazi ndi wamwamuna, Loweruka masana. Kaya ndi Raphael wawatuma, kaya aganiza okha.

Ine sindidziwa mmene ankachitira Anangozo. Ndasenda mtedza wina, kenako ndati, "Nanga kusukuluko kuli bwanji?"

Enelesi waweramitsa mutu n'kuyamba kulankhula, kamawu kake kaja, akuyang'ana pansi. Ndagwirapo "a Chrispine", ndagwirapo "liwiro", kwinako mphepo yokhayokha. Ndavomera ndi mutu. Wapitiriza. Ndavomeranso ndi mutu, ndipo yankho linali litafika kale pakamwa, lokonzeka bwinobwino, la funso limene sindinalimve.

Ndalimeza.

"Enelesi, mwana wanga," ndatero, "sindinamve chilichonse. Khutu ili ndi lakufa. Bwera ukhale mbali iyi, ukweze mawu, uyambirenso poyamba."

Anayang'anizana ndi Mfundo. Kenako wanyamula mpando wake, wadutsa kutsogolo kwanga akuwerama, wauika kumanzere, pafupi kwambiri moti maondo athu anatsala pang'ono kugundana. Wakonza pakhosi, wandiyang'ana kumaso, n'kuyambiranso.